Magazi Akamangotha Ngakhale Athiridwe: Nthenda ya Mafuta a M'mafupa

Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 16 amene amakhala ndi amayi ake cha ku Jali, anathiridwa magazi katatu m'miyezi iwiri yokha. Ulendo uliwonse ankatuluka m'chipatala nkhope itabwerera, akuyenda yekha mpaka pokwerera minibasi. Pakangotha masabata awiri kapena atatu, zikhatho zinkayeranso mbuu ngati wagwira ufa, ndipo kamtunda kochokera ku mjigo kankamupumitsa kawiri, mtima uli thi thi thi. Mchemwali wanga anachita zonse zimene mayi wa kuno amachita akamva kuti magazi achepa. Anawiritsa masamba a mapeyala, anafunafuna chidede, anaphika bonongwe, anagula chiwindi cha mbuzi ndi mapiritsi owonjezera magazi. Kenako kunabwera zina zimene masambawo sakanatha kuziyankha: kamfuno wosaleka, nkhama zotuluka magazi akamatsuka m'kamwa, msambo wa masiku khumi, ndi timadontho tofiirira m'miyendo ngati walumidwa ndi utitiri.

"Achimwene, magazi amene akumuthirawa akupita kuti?" Anandifunsa choncho pa foni usiku wina, mawu akunjenjemera. Kumudzi ena anali atayamba kale kunong'ona kuti pali dzanja la munthu. Ine monga malume wake ndinayenera kupeza yankho, ndipo limene tinadzapeza linali lakuti magaziwo sankapita kulikonse. Ankangokalamba ndi kutha monga amachitira magazi a munthu aliyense, koma thupi lake linali litasiya kupanga ena.

Ambiri timaganiza kuti magazi amapangidwa ndi mtima kapena chiwindi. Amapangidwa m'kati mwa mafupa, mu zofewa zija timazitcha mafuta a m'mafupa, makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, a nthiti ndi la pachifuwa. Amene analimako mpunga ku Domasi kapena ku Likangala akudziwa nazale: kamalo kakang'ono komwe kumachokera mbande zodzaza munda wonse. M'mafuta a m'mafupa muli maselo ochepa kwambiri a mbewu, amene achipatala amawatcha stem cells, ndipo ndi amene amabala mitundu itatu ya maselo a magazi. Maselo ofiira amanyamula mpweya ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. Maselo oyera ndi asilikali olimbana ndi tizilombo, ndipo gulu lawo lalikulu, ma neutrophil, silikhalitsa m'magazi, tsiku limodzi limakwana. Kenako pali mapulateleti, tizidutswa totseka bala kuti magazi aundane, tomwe timakhala masiku 8 mpaka 10. Chifukwa zonsezi zimafa msanga, nazaleyo siipuma. Pa sekondi iliyonse thupi la munthu wamkulu limapanga maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni.

Nthenda yotchedwa aplastic anemia, imene inadzapezeka mwa mwana wathuyu, ndi kuuma kwa nazale imeneyi. Maselo a mbewu amatha, malo awo n'kudzaza mafuta enieni opanda ntchito, ndipo mitundu itatu yonse ya maselo imatsika pamodzi. Apa ndi pamene imasiyanirana ndi kuchepa kwa magazi kumene tinazolowera. Wodwala malungo, wa njoka za m'mimba, mayi woyembekezera wosowa ayironi, onsewa nazale yawo ili moyo, ikungosowa chakudya kapena ikulephera kufikira zomwe zikuwonongeka. Mukachotsa vutolo magazi amabwerera. Koma nazale ikauma, kuthira magazi kuli ngati kugula thumba la chimanga pamene munda sunabereke: mudya, lidzatha, mudzagulanso. Mapiritsi a ayironi sathandiza chilichonse, ndipo kwa munthu wothiridwa magazi kawirikawiri amawonjezera vuto, chifukwa paketi iliyonse ya magazi imabwera ndi ayironi wake amene thupi lilibe njira yomutulutsira. Akachuluka amaunjikana m'chiwindi ndi mumtima.

Woyamba kuilemba nthendayi anali dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, m'chaka cha 1888, ataona mayi wachitsikana woyembekezera amene anamwalira akutaya magazi ndi kutentha thupi, mafupa ake m'kati muli mafuta okhaokha. Kwa zaka pafupifupi 80 zotsatira panalibe chochita chenicheni, ndipo ambiri mwa odwala kwambiri ankamwalira chaka chimodzi kapena ziwiri zisanathe. Ndi nthenda yosowa. Ku Ulaya imagwira anthu pafupifupi awiri pa miliyoni iliyonse pa chaka, ndipo kum'mawa kwa Asia imachuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Titangotenga chiwerengero cha ku Ulayacho n'kuchiyika pa Amalawi oposa 20 miliyoni, tikunena za anthu cha m'ma 40 chaka chilichonse. Imakonda achinyamata a zaka za pakati pa 10 ndi 25, komanso achikulire opitirira zaka 60.

Chimene chinasintha zonse ndi kuzindikira kuti mwa odwala ambiri nazaleyo siuma yokha, imachita kuwonongedwa ndi chitetezo cha m'thupi la mwini wake. Gulu lina la asilikali a m'thupi, otchedwa ma T cell, limasokonezeka n'kuyamba kupha maselo a mbewu ngati kuti ndi adani. Mlonda amene munamuika kuti ayang'anire munda ndiye akuzula mbande. Chimene chimawayambitsa mwa odwala ambiri sichipezeka, koma pali zina zodziwika. Ena imawagwira miyezi iwiri kapena itatu atadwala chikasu cha kutupa kwa chiwindi. Ena imawagwira ali ndi mimba. Mankhwala a chloramphenicol akumwa, amene kale ankagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zipatala zathu pa taifodi ndi matenda oumitsa khosi, amaiyambitsa mwa munthu mmodzi pa anthu masauzande makumi angapo, nthawi zina patapita masabata atasiya kumwa. Benzene, amene amapezeka mu petulo ndi m'zosungunulira penti, amawononganso mafuta a m'mafupa, ndipo ndimada nkhawa ndikaona anyamata akupopa petulo ndi pakamwa kuthira m'zigubu. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda nawonso akhala akutchulidwa. Nthendayi si yopatsirana, ndipo si khansa.

Vuto lathu kuno ndi lakuti zinthu zotsitsa mitundu itatu ya maselo pamodzi ndi zambiri, ndipo pafupifupi zonse ndi zofala kuposa aplastic anemia. HIV imachita zimenezi. Chifuwa chachikulu chikafalikira mpaka m'mafupa chimachita zimenezi. Mankhwala ena amene anthu amamwa tsiku ndi tsiku, monga Bactrim ndi zidovudine, amatha kutero. Kusowa kwa vitamini B12 kumatero. Kapamba akatupa ndi malungo obwerezabwereza, kapena ndi likodzo la m'mimba, amameza maselo a magazi n'kuwatsekera m'kati mwake. Ndipo pali khansa ya m'magazi. Kafukufuku wina amene anachitika ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti mwa ana ochepa magazi kwambiri, kusowa ayironi sikunali gwero lalikulu monga ambiri ankaganizira. Zinkatsogola ndi tizilombo ta m'magazi, malungo, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa mavitamini A ndi B12. Choncho dokotala akayamba wayeza malungo ndi HIV, akakhudza pamimba kufuna kapamba, sakutaya nthawi. Aplastic anemia imatsimikizika zina zonsezi zitachotsedwa.

Koma pali khomo limodzi limene aliyense ayenera kulowerapo, ndipo ndi limene ife tinachedwa kulipeza. M'zipatala zing'onozing'ono kawirikawiri amangobaya chala n'kuyeza Hb, nambala imodzi yonena za maselo ofiira okha. Ikatsika amati magazi achepa, ndipo n'zoona. Kuyeza kumene kumaonetsa mitundu itatu yonse ndi kumene amalemba kuti FBC, kotenga magazi a pamkono m'kabotolo ka chotsekera chofiirira. Makina ake amapezeka m'zipatala zazikulu monga Zomba Central. Pepala la mwana wathu ndikulikumbukira bwino, linali litapindidwa m'buku lake la kuchipatala. Hb inali 5. Pamene panalembedwa PLT, kutanthauza mapulateleti, pomwe munthu wabwino amakhala pakati pa 150 ndi 450, panali 8. Ma neutrophil anali 0.4. Dokotala wachitsikana amene analiwerenga anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mayi, vuto si magazi ofiira okha ayi. Onse atatu atsika. Tifunika tione kumene amapangidwira."

Mawu amenewo anamuopsa mchemwali wanga, chifukwa anamva ngati akunena zochotsa madzi a pamsana, zimene anthu ambiri kuno amaziopa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Poyeza mafuta a m'mafupa sakhudza msana. Wodwala amagona chammbali, amamubaya jakisoni wa dzanzi pa fupa la m'chiuno kumbuyo, pamene lamba amadutsa, kenako amalowetsa singano yolimba n'kukoka timadzi pang'ono ndi kachidutswa ka fupa kochepa ngati kamtengo ka machesi. Zimatenga mphindi zosakwana 30. Zimapweteka pa nthawi yokoka ija, sindinama, mwanayo anandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi, koma madzulo ake anali akuyenda. Kachidutswa ka fupa ndi kamene kali ndi yankho, chifukwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kamaonetsa ngati nazale yadzaza maselo a khansa, ngati muli TB, kapena ngati muli mbee, mabowo a mafuta okhaokha. Akatswiri owerenga zimenezi m'dziko muno ndi ochepa ndipo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kotero wodwala wa ku Zomba amatumizidwa ku Queen Elizabeth, kapena kachidutswako ndi kamene kamayenda.

Kukula kwa nthendayi amakuyeza ndi muyezo umene dokotala wa ana wa ku America, Bruce Camitta, ndi anzake anakhazikitsa m'ma 1970 ndipo ukugwirabe ntchito. Amati yafika poopsa ngati maselo a m'mafupa atsala osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ziwiri mwa zitatu izi zilipo: ma neutrophil pansi pa 0.5, mapulateleti pansi pa 20, ndi maselo ofiira ongobadwa kumene ochepetsetsa. Ma neutrophil akatsika pansi pa 0.2 ndiye yoopsetsa, chifukwa chimene chimapha odwala ambiri si kuchepa kwa magazi ofiira koma tizilombo tolowa m'thupi lopanda asilikali.

Kuyeza kwapita patsogolo kwambiri m'zaka 30 zapitazi, ndipo gawo limene likutikhudza ife kuposa mmene ambiri amadziwira ndi la nthenda zobadwa nazo. Si aliyense wouma mafuta a m'mafupa amene chitetezo chake chamuukira. Ana ena amabadwa ndi chilema m'majini (malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) chimene chimafooketsa nazale pang'onopang'ono. Yodziwika kwambiri ndi Fanconi anemia, imene dokotala wa ku Switzerland, Guido Fanconi, anailemba mu 1927 ataiona mwa ana atatu a mimba imodzi. Mwana wotere nthawi zambiri amakhala wamfupi, wa mutu waung'ono, wa mawanga pakhungu, chala chachikulu cha kumanja chopindika, chosowa kapena chowirikiza, ngakhale ena saoneka chilichonse. Magazi amayamba kutsika ali cha m'ma zaka 5 mpaka 10. Mu 2005 ofufuza analengeza kuti odwala Fanconi achikuda ambiri a kum'mwera kwa Africa, oposa 8 mwa 10 alionse amene anawayeza, ali ndi chilema chimodzimodzi mu jini yotchedwa FANCG, ndipo odwalawo anali ochokera ku South Africa, Swaziland (lero Eswatini), Mozambique ndi Malawi. Ndi chilema chakale chimene makolo athu anayenda nacho. Mwana amadwala pokhapokha atachilandira kwa bambo ndi kwa mayi omwe, amene iwo eni amakhala bwinobwino. Choncho si mlandu wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, ndipo banja limene lataya ana awiri ndi "kutha magazi" liyenera kumuuza dokotala zimenezo.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ogonetsa chitetezo sagwira ntchito pa Fanconi, ndipo mankhwala amphamvu amene amaperekedwa munthu asanaikidwe mafuta a m'mafupa atsopano angamuphe mwana wotere ngati saachepetsa. Amaiyeza poika maselo a magazi m'mankhwala ena ku labu n'kuona ngati makromozomu ake, timitolo tosunga majini, akuthyokathyoka. Palinso gulu lina la nthenda zimene nsonga za makromozomu, zotchedwa telomere, zimafupika msanga, ndipo masiku ano kutalika kwake kumayezeka. Makina ena amafufuza kagulu ka maselo otchedwa PNH, kamene kamapezeka mwa odwala aplastic anemia ochuluka ndithu. Kakapezeka ndi chizindikiro chakuti vuto ndi chitetezo, ndipo mankhwala ali ndi mwayi wogwira. Kuyeza kotereku kumafuna kutumiza magazi kunja, kawirikawiri ku South Africa kapena ku India.

Njira zochizira zenizeni ndi ziwiri: kubzala mbewu yatsopano, kapena kuletsa mlonda kuti mbewu yotsalayo iphukenso. Yoyamba ndi kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, ntchito imene E. Donnall Thomas ndi anzake ku Seattle anaikhazikitsa, ndipo iye analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1990. Si opaleshoni yodula mafupa. Wodwala amapatsidwa mankhwala ogonetsa chitetezo chake, kenako maselo a wopereka amalowa kudzera mu diripi ngati magazi, n'kukapeza okha malo awo m'mafupa. Pakatha masabata awiri kapena atatu amayamba kubala. Wopereka amachira m'masiku ochepa, mafuta ake amabwerera. Kwa ana ndi achinyamata amene wopereka wawo ndi m'bale wa bere limodzi wogwirizana naye, pafupifupi 9 mwa 10 amachira. Koma m'bale aliyense wa bambo ndi mayi mmodzi ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wogwirizana. Akasowa, amafufuza m'kaundula wa anthu odzipereka, monga wa ku South Africa amene anayamba mu 1991, ndipo kumeneko munthu wakuda amavutika kupeza mnzake, chifukwa olembetsa achikuda ndi ochepa pamene mitundu ya maselo athu ndi yosiyanasiyana kuposa ya anthu ena onse padziko.

N'chifukwa chake nkhani imene inandipatsa chiyembekezo kwambiri ndi yochokera ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ku America. Madokotala kumeneko anapeza njira yogwiritsa ntchito wachibale wogwirizana theka lokha. Mayi, bambo kapena mwana wa wodwala nthawi zonse amagwirizana naye theka. Kale zimenezi zinkalephereka chifukwa asilikali a wopereka ankaukira thupi la wolandira. Iwo anayamba kupereka mankhwala akale ndi otchipa, cyclophosphamide, pa tsiku lachitatu ndi lachinayi maselo atalowa, nthawi imene asilikali oukirawo akuchulukana, ndipo amafa iwo n'kusiya mbewu ili moyo. Mu 2023 analengeza za odwala 27 amene anachizidwa motere asanayese njira ina iliyonse, ndipo oposa 9 mwa 10 anakhala ndi moyo. Ndi gulu laling'ono, koma tanthauzo lake ndi lalikulu kwa mabanja ngati athu: pafupifupi aliyense ali ndi wopereka pakhomo pake. M'Malawi ntchito yoika mafuta a m'mafupa siinayambe, ofunika amapita kunja, makamaka ku India ndi ku South Africa, pa ndalama zimene banja wamba silingazione. Komabe ikuyandikira. Nigeria inachita koyamba mu 2011 ku Benin City, ndipo a Tanzania anayamba kuika ana odwala sickle cell pa chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma mu 2023.

Njira yachiwiri inapezeka ngati mwangozi. Cha m'ma 1970, Georges Mathé ku Paris anaona kuti odwala ena amene anawapatsa mankhwala ogonetsa chitetezo pokonzekera kuwaika mafuta a wina ankachira ngakhale mafuta achilendowo atakanika. Anali mafuta awo omwe akuphukanso. Mankhwalawo, otchedwa ATG, amapangidwa pobaya hatchi kapena kalulu maselo a munthu, n'kutenga zoteteza zimene nyamayo yapanga. Mu 1991 kafukufuku wa ku Germany anaonetsa kuti kuphatikiza ATG ndi makapisozi a cyclosporine kumagwira bwino kuposa ATG yekha. Ambiri ankayesa kuti wa kalulu, poti ndi wamphamvu, ndiye woposa, mpaka gulu la Neal Young ku National Institutes of Health ku America linayerekeza awiriwa mu 2011. Pakutha miyezi 6, mwa olandira wa hatchi 68 pa 100 alionse magazi anali atakwera, pamene wa kalulu anali 37 okha. Wa hatchi amaperekedwa mu diripi masiku anayi, wodwala atagonekedwa, chifukwa amabweretsa kutentha thupi, kunjenjemera ndi zidzolo, ndipo mapulateleti amafunika kukhala pafupi.

Kenako kunabwera mankhwala akumwa otchedwa eltrombopag. Anapangidwira nthenda ina, kuti azikweza mapulateleti okha, koma zinapezeka kuti amadzutsanso maselo a mbewu amene atsala. Mu 2012 anamuyesa pa odwala 25 amene mankhwala ena onse anali atawakana, ndipo 11 anayamba kupanga magazi, ena mitundu itatu yonse. America inamuvomereza pa odwala otere mu 2014, ndipo mu 2018 inalola kuti aziperekedwa kuyambira pachiyambi. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya wotchedwa RACE, wa odwala 197, wofalitsidwa mu 2022, anatsimikiza: pa miyezi 6, olandira ATG ndi cyclosporine okha amene anathandizika anali 41 pa 100, koma owonjezeredwa eltrombopag anali 68 pa 100, ndipo magazi awo anakwera msanga. Lero munthu wamkulu wopanda m'bale wogwirizana naye amayambira pa atatuwa pamodzi.

Kwa ife a kuno, kafukufuku amene ndimamuona wofunika koposa si wotchuka kwambiri. Amatchedwa SOAR, anafalitsidwa mu 2024, ndipo anafunsa funso la maiko osauka: nanga kumene ATG kulibe? Anapereka mankhwala akumwa okhaokha, cyclosporine ndi eltrombopag, kwa odwala 54, ndipo 25 mwa iwo anathandizika pofika miyezi 6. N'zochepa poyerekeza ndi atatu aja, koma ndi mankhwala amene munthu angamwe ali kwawo ku Thondwe kapena ku Songani, akumapita kukayezetsa. Tsopano makampani ena, makamaka a ku India, akupanga eltrombopag wotsikirapo mtengo, ngakhale kwa mlimi akadali wodula zedi. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene a unduna wa zaumoyo angayambire, chifukwa wodwala amene sakuchizidwa sakhala waulere: amadya mapaketi a magazi mwezi ndi mwezi, amagona m'wodi, amamwa maantibayotiki, mpaka tsiku limene thupi ligonja.

Mankhwalawa ali ndi miyambo yake. Sagwira msanga, pamatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kusiya pakati ndi kutaya zonse. Cyclosporine amakweza BP, amalemetsa impso, amatupitsa nkhama ndi kumeretsa tsitsi kumaso, chimene mtsikana wa zaka 16 sachilandira mosavuta. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a TB, amamuchotsa mphamvu m'thupi, choncho amene akumwa zonse ziwiri ayenera kunena. Eltrombopag salowa bwino m'thupi akakumana ndi mkaka, mapiritsi a ayironi ndi mankhwala a chilungulira, kotero amamwedwa kutali ndi zimenezi, m'mimba muli mopanda kanthu. Amene achira ena nthenda imawabwerera akasiya cyclosporine msanga, ndipo mmodzi mwa khumi kapena kuposerapo pang'ono, pakapita zaka, maselo ake amasintha n'kukhala nthenda ina ya m'mafupa kapena khansa ya m'magazi. Ndiye kuyezetsa sikutha. Kumene zonsezi zasowa, madokotala amagwiritsabe ntchito mahomoni achimuna monga oxymetholone ndi danazol, amene amathandiza ena, makamaka a Fanconi ndi a telomere. Ku Spain ofufuza ayamba kukonza jini yolakwika m'maselo a mbewu a ana a Fanconi n'kuwabwezera, ndipo zoyamba zikulimbikitsa.

Pa miyezi yodikirayo, moyo wa wodwala uli m'manja mwa anthu osawadziwa amene amapereka magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana asukulu za sekondale ndi makoleji, kotero sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo nyengo ya dzinja ana a malungo amawafunanso. Magazi ofiira amasungika mufiriji kopitirira mwezi. Mapulateleti amakhala masiku asanu okha, sasungidwa mozizira, ndipo amafunika kumagwedezedwa nthawi zonse. N'chifukwa chake kuwapeza pa tsiku limene kamfuno wakana kuleka ndi nkhondo. Chinthu china chinandidabwitsa. Nditapinda malaya kuti anditenge magazi a mwana wa mchemwali wanga, dokotala anandiletsa. "Bambo, perekani ndithu, koma apite kwa wina. Mwanayu asalandire magazi a wachibale." Chifukwa chake n'chakuti thupi likazolowera magazi a abale limapanga zowakana, ndipo tsiku limene mmodzi wa abalewo adzafunike kupereka mafuta a m'mafupa, lingadzawakane. Kuno kumene tinazolowera kuti wodwala akasowa magazi abale ndiwo amaitanidwa, mfundo imeneyi iyenera kudziwika.

Zina ndi za pakhomo, ndipo mchemwali wanga anaziloweza ngati katekisimu. Thupi likatentha kufika 38, si za mawa, si zoyamba wagula LA pa golosale, ndi kunyamuka nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa munthu wopanda ma neutrophil tizilombo timamugwetsa m'maola ochepa. Asipirini, Brufen ndi Indocid ayi, zimawonjezera kutaya magazi. Jakisoni wa m'thako ayi. Kutema mphini ayi, ndipo apa panali mkangano ndi agogo ake, amene anali atapangana kale ndi munthu wina wa zitsamba. Mswachi wofewa, madzi owiritsa, neti usiku uliwonse, zakudya zopsa bwino, kupewa fumbi la m'nkhokwe ndi la madeya ovunda chifukwa cha nkhungu. Msambo amauletsa ndi mapiritsi a mahomoni, ndipo zinatengera nesi wachikulire kukhala pansi ndi mchemwali wanga kumufotokozera kuti mwanayo sakumuyambitsa zolera.

Abale ake awiri a bere limodzi sanayezedwebe ngati akugwirizana naye, ndalama yake tikusonkha. Panopa ali pa mwezi wachinayi wa mankhwala akumwa, amene timagula mothandizana ndi akumpingo ndi mlamu wanga wa ku Johannesburg. Buku lake la kuchipatala latupa ndi mapepala omata. PLT inachoka pa 8 kufika pa 11, inabwerera pa 9 mwezi umene tonse tinasowa tulo, kenako 19. Sabata yatha tinakwera minibasi ya m'mawa kupita ku Blantyre, iye atavala chotseka pakamwa, atakhala cha pawindo. Pepala linatuluka masana: PLT 31, ma neutrophil 0.9, ndipo patha masabata asanu osathiridwa magazi. Anafunsa yekha, ine ndisanatsegule pakamwa, ngati angabwerere ku sukulu temu ikubwerayi. Dokotala anayang'ananso pepalalo, nati abwere pa 14 adzayezenso, akambirana tsiku limenelo.